Njinga ya Pawindo

Lolemba, 4 Ogasiti

Bambo a m'nyumba muno abwera ku jimu ndi nambala yatsopano. 340. Ati ndi mawatsi, mphamvu imene miyendo yawo ikutulutsa pa njinga zija zopalasa osachoka pamalo. Ajambula kagalasi ka njingayo n'kutumizira abale onse, mpaka amayi anga, amene ayankha pofunsa ngati ndi nambala ya nyumba. Omwewatu akamakwera masitepe a pano amaima pakati, ati akuwerenga uthenga pafoni. Wefuwefu wake ndimamumvera kukhitchini.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Agula kabudula wothina, chisoti, magalasi akuda. Makatani a pabalaza adikire chaka china. Mimba patsogolo, eni ake pambuyo.

Alembetsa ulendo wa pa 23, wokwera phiri ndi anyamata a kalabu ya njinga. Gulu lotsogola limafuna munthu wa 300 kupita m'mwamba, iwo aonetsa chithunzi chija basi, alowa. Njinga yeniyeni abwereka kwa alamu. Ndawakumbutsa kuti dokotala anati pang'onopang'ono, magazi awo amathamanga. Yankho: "Dokotala amadziwa mapiritsi, mawatsi sawadziwa." Zaka makumi asanu ndi mphambu, nzeru za mwana wa sitandade wani.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndawaperekeza ku jimu kuti ndikaone chozizwitsachi. Chipinda chonunkha thukuta, nyimbo zogonthetsa m'khutu. Kumeneko aliyense ali ndi njinga yake, wina sakhalapo. Yawo ndi ya pawindo. Amafika msanga n'kuyalapo thaulo ngati akugwira malo pamsika.

Ali kosinthira zovala ndakwerapo, ndi siketi yanga ya kuntchito. Kupalasa mwaulesi, 280. Ine, amene ndinasiya njinga ndili mtsikana. Ndasamukira pa yoyandikana nayo, miyendo yomweyi, 120.

Ndafunsa kochi. Kuseka. Ati njinga zonse zimasiyana, ya pawindoyo ndi "yaulemu", chiigulire sanaikonzepo, ndipo madala amailimbirana. "Asiyeni asangalale, mayi." Za phiri ati si mbali yake. Mnyamata wa mapewa akuluakulu, mutu wongovalira chipewa.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndawauza zonse. Ati yowonongeka ndi inayo. Ndati chabwino, mukayese ina iliyonse kamodzi kokha. Ati msilikali sasintha mfuti nkhondo ili pafupi. Kenako ati ndi nsanje, sindifuna kuti atukuke. Ndichite nsanje ndi chiyani? Ndi chitsulo chabodza?

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma awa khutu lawo ndi lachikopa.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Ndadandaulira alamu kuti alande njinga yawo. Angoti achimwene ndi aakulu, sangawaletse. Mwana wathu wamkazi ati ndimakonda kuwachotsa ulemu adadi. Aliyense akuombera m'manja. Dzulo 365, bodza likukulirakulira.

M'mawa pomanga nsapato anagwira pachifuwa, nkhope itachita thukuta. Atandiona ati ndi mpweya wa m'mimba. Kuseka ndasiya. Ndikuchita mantha, ndipo zikundikwiyitsa kuti ndikuchita mantha ndekha.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Masiku onsewa m'nyumba muli zii, tikungolankhulana za mchere ndi makiyi. Ndinaganiza zophwetsa matayala. Ndinaganiza zobisa chisoti. Ndaima pafupi ndi njingayo ndi singano m'manja, ndabwerera. Si mwana wanga. Apite, phiri likawauze lokha, poti ine ndine wansanje.

Akupukuta njinga pakhonde, akuimba mluzu. Sindinawaonepo akusangalala chonchi chichokereni pantchito paja. Kanjinga kabodza kaja kawauza zimene ine sindinawauzepo. Zandiwawa.

Loweruka, 23 Ogasiti

Anyamuka kusanatenthe. Pachipata anatembenuka, ati ndiwajambule. Ndinati manja anga ndi onyowa.

Masana. Zithunzi zayamba kubwera pagulu la kalabu. Anyamata pamwamba pa phiri, njinga m'mwamba, mano pamtunda. Ndayang'ana nkhope imodziimodzi. Palibe. Ndaseka ndekha, ndikuwaona akukankha njinga ya eni ndi kabudula wawo uja. Mawu owalandirira ndakonza kale: mawatsi aja munawaiwala pawindo?

Chakudya chazizira. Ndaimba kawiri, sakuyankha. Manyazi basi. Ndi manyazi.

Foni yalira. Nambala yawo, mawu a munthu wina. Akufunsa ngati ndine mayi a kunyumba, ndiponso kuti bambowa amamwa mankhwala anji. Ndafunsa ngati akulankhula. Ati ndibwere kaye.

Alamu ali m'njira ndi galimoto. Nsapato yanga ina sindikuiona. Ndikanangowajambula, chinandivuta n'chiyani, manjawo sanali...