Timaenje Tisanu pa Khosi la Gitala

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndalakwa, ndipo kulakwa kwangako kwavundukula chinthu chimene bambo andiletsa kukuuzani.

Mukuidziwa gitala yawo yamagetsi ija, imene anagula tonsefe tisanabadwe. Kumbuyo kwa khosi lake vanishi anali atathetheka, pena atada ndi thukuta, ndiponso panali timaenje tisanu ngati pafumbwa. Mukundidziwa mlongo wanune ndi ntchito yanga yopaka mipando vanishi, ndikaona chilema pa thabwa manja amandiyabwa. Bambo atapita kwa azakhali masiku awiri, ndinaitengera ku shopu, n'kupala khosilo ndi sandipepa mpaka timaenje tonse titafafanizika, kenako n'kupaka vanishi watsopano. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama ngati ndakhoza mayeso.

Bambo atailandira anayendetsa chala chachikulu kumbuyo kwa khosi, kukwera, kutsika, kukweranso. Kenako anandifunsa.

"Timaenje tanga tili kuti?"

"Ndachotsa, bambo. Taonani mmene ikuwalira."

"Ndione ndi chiyani?"

Achimwene, timaenje tija anaboola okha ndi msomali. Maso awo anayamba kuchita mdima chaka chatha. Madontho oyera a pakhosi paja, amene amawasonyeza poika zala, sakuwaonanso, ndiye chala chachikulu n'chimene chinkawerenga timaenjeto. Ine wogona nawo nyumba imodzi osazindikira kanthu, n'kumawaseka kuti ayamba ulesi posiya kuwerenga nyuzipepala. Manyazi amene ndili nawo ndi osaneneka.

Loweruka lino akaimba ku hotela kuja. Mkulu wa bandi wakhala akung'ung'udza kuti akufuna woimba wachinyamata, akungosowa pogwira. Bambo akangophonya pamaso pa anthu, kapena iye akangodziwa za masowa, awakhazika pansi. Inu mukudziwa kuti chimwalirire amayi, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi bandiyo basi.

Dzulo masana tinatseka chitseko n'kuyamba kukonza. Iwo ankafufuza malo ndi khutu, kukhudza waya, kumvetsera, n'kundigwira dzanja kuti, "Apa." Ine ndi msomali, kuboola vanishi wanga yemwe. Msomali unaterereka, moti kadzenje kachitatu kasemphana pang'ono ndi pamene kanali. Vanishinso sanaumitsitse, akumata, chala chawo chikukakamira pomwe kale chinkangotsetsereka. Anayesa nyimbo imene aiimba zaka makumi atatu, n'kuphonya kawiri.

"Ndi zala zangazi, zakalamba," anatero. "Iwe ntchito wagwira yabwino."

Bola akanandikalipira. Lero ndakhalira kupukuta khosilo ndi sandipepa wosalala uja kuti kumata kuthe, iwo akuyesa, ine ndikupukutanso. Kwatsala masiku awiri, ndipo sindikudziwa ngati chala chawo chizolowere. Kalatayi idzakupezani Loweruka litadutsa, ndiye za kumeneko simungatithandize.

Chimene ndikupempha n'chakuti mubwere mwezi uno usanathe, mudzapite nawo kuchipatala cha maso. Ine ndikangotchula chipatala amatenga gitala n'kukweza sipika. Inu amakumverani. Chonde musadzanene kuti ndakuuzani. Mudzabwere ngati mwangowasowa, mudzawapatse kapu ya madzi chapatali pang'ono, mudzaona nokha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Bambo ali pompano, amva kuti ndikulemba ndipo akupereka moni wambiri. Akuti musadandaule za iwo, ali bwinobwino. Akutinso zithunzi munatumiza zija aziona, ndipo wamng'onoyo watenga makutu anu. Mawu amenewo ndi anga, achimwene, ndinawanena patebulo tsiku limene zithunzizo zinafika.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza