Mabawuti Omasuka Okha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha kamtsikana kanu kaja chinatha? Nanga msana wanu uja mukuupumitsako, kapena mukadagonabe pansi pa malole a anthu? Kuno tilipo. Amayi akudandaula miyendo monga mwa masiku onse, koma akuyenda. Ine m'thupi ndili bwino, mtima wokha ndi umene uli m'mwamba.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kuti mafoni kulibe. Pa foni mumandidula. Ndikangoti "bambo", inu mwayamba kale zoti abwana akukuitanani. Pepala mukhoza kuling'amba, koma ndimakudziwani, mudzayamba mwaliwerenga.

Ndinakuuzani kuti bambo anatuluka m'chipatala. Zimene sindinanene ndi izi. Dzanja lamanja silikugwira, mwendo amachita kukoka, ndipo adokotala anatichenjeza kuti asamadzikakamize pa chilichonse, chifukwa sitiroko ikabwereza mwina sadzadzukanso. Mutu wokha uli bwinobwino, ndipo kuuma kwake n'komwe kuja.

Atangokhala masiku ochepa panyumba anandiitanitsa ku galaja. Ndinawapeza pa mpando wa pulasitiki akuyang'ana galimoto yawo yobiriwira ija, yakale kuposa inu ndi ine, imene amayi amaitcha mkazi mnzawo. Anailoza ndi ndodo n'kunena kuti ndichotsemo injini, tiikemo ina.

Achimwene, ndinangokhala pansi pa tayala lakutha. Injini yomwe ija! Imene inu munanena kuti yatha, ikumwa oyilo kuposa petulo, bambo n'kukuyankhani kuti wofuna kuchotsa mtima wa galimoto imeneyi ayambe watuluka pageti pawo. Inu n'kutulukadi ndi ovolosi yanu ya girisi, ndipo zaka zonsezi simunapondenso pakhomo pano. Ndinawafunsa bambo ngati akumva bwino m'thupi. Anati ndisiye kulongolola ndikatenge masipanala.

Ndisaname, ndinakondwa. Sukulu zinali zitatsekera, basi ya ana imene ndimayendetsa ili pa mpumulo. Ndinati nayi nthawi yoti bambo aone kuti mwana wamkazi uja ankangopatsira masipanala, inu awiri mitu ili m'boneti, nayenso anali ndi maso.

Injini tinaipeza kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka. Inachokera m'galimoto imene inagundidwa kumbuyo, kutsogolo kuli bwinobwino. Wowotcherera woyandikana nafe uja anabwera ndi tcheni, tinakoleka pa mtanda wa denga, n'kuikweza yakale ija ikudontha oyilo wakuda bii. Bambo anati tiitsitsire pafupi ndi mpando wawo. Anaikapo dzanja lawo lamoyolo kwa kanthawi, kenako anati tiifunditse chiguduli isamawayang'ane.

Yatsopanoyo poyamba inakana kukhala. Zitsulo zokhazikapo injini zinali motalikirana, giyabokosi nayo sinkafuna kukumana nayo. Wowotcherera anadula apa, n'kulumikiza apo, mpaka inakhazikika. Bambo ankalamula ndi ndodo. Mabawuti onse pansi pa simenti, m'mizere, loyamba kuchotsedwa kumanzere, lomaliza kumanja, monga ankatiphunzitsira. Amayi analetsedwa kuyandikira ndi tsache.

Ndiye mavuto anayamba.

Ndimange zitsulo zokhazikapo injini madzulo mpaka mkono kuwawa, m'mawa ndipeze nati ikuzungulira ndi zala. Ndilumikize mawaya a sitata, ndipite kukamwa madzi, pobwera ndipotoze kiyi, zii. Kuyang'ana, waya uli lende. Tsiku lina paipi ya petulo ndinaipeza itazuka, ine ndikukumbukira bwino kuti ndinaimanga. Bambo ali pa mpando wawo, bulangete m'miyendo, ankangopukusa mutu n'kumati ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Ndinayamba kudzikayikira. Chakudya chinasiya kulowa. Ndikhale pansi, ndadzuka, ndili ku galaja kukagwiragwira mabawuti. Ndinafika pomukalipira wowotcherera kuti akumalowa kudzasewera ndi ntchito yanga, bambo wa anthu n'kunyamula makina ake osatsanzika. Ndiyenera kukamupepesa. Amayi ankati mkazi mnzawoyo ndi wansanje, sakufuna kugwiridwa ndi mkazi, n'kumaseka okha. Ine sindinkaseka. Sukulu zinali pafupi kutsegulira, ndipo ndinkaona bambo akuchepa pa mpando paja tsiku ndi tsiku. Ndinkafunitsitsa kuti aimve ikulira akadali ndi makutu oimvera.

Ndinatenga penti wanga wa zikhadabo, poti zikhadabo zake zinali zitathothoka kale ndi ntchitoyi, n'kumalemba kamzere kofiira pa nati iliyonse ndikamanga. M'mawa timizere tija tinali titasuntha. Apo ndinadziwa kuti mutu wanga uli bwino, pali dzanja la munthu.

Lachiwiri lapitali zonse zinali m'malo. Kunangotsala lamba wa fani. Masana ndinawauza bambo kuti ndikupita kukagula, ndipo madzulo ake tiiliza. Nditafika pamsewu ndinakumbukira kuti ndaiwala lamba wakale woti ndikayerekezere, ndiye ndinabwerera.

Mpando unali wopanda munthu. Ndodo ili pansi, bulangete lili pansi. Bambo anali ataimirira, atatsamiza mimba pa galimoto, mutu uli m'boneti. Dzanja lakufalo likulendewera, lamanzere lagwira sipanala, akukoka, thukuta likudontha pachibwano. Munthu amene timamugwira popita kubafa anayenda yekha kuchoka pa mpando kukafika pa injini.

Sindinakuwe, ndinaopa kuti angadzidzimuke n'kugwa. Ndinapita mwakachetechete n'kuwagwira m'chiuno. Anali opepuka, achimwene, ngati ndanyamula mtolo wa zovala. Ndinawakhazika pansi, n'kuwalanda sipanala. Sanachite manyazi n'komwe. Anangoti ndamanga molimba kwambiri, ndikufuna kuwathyola dzanja lotsalali.

Pamenepo ndiye ndinalankhula. Ndinawaonetsa zala zanga zong'ambikazi. Ndinati ndataya tchuthi changa, ndayambana ndi woyandikana naye, ndakhala ndikudziyesa wamisala, kodi ndinawalakwira chiyani? Ngati sakufuna kuti injini yawo ichoke, bwanji osangonena ndibwezeretsemo?

Anadikira kuti mpweya ubwerere. Kenako anati ntchito yanga ilibe vuto, ndipo ndi chimene chikuwaopsa. Akuti ikalira lero, ine ndidzakuimbirani foni kuti achimwene, bambo anavomera, injini tasintha, galimoto ikuyenda. Inu mudzati zikomo, mwachita bwino, n'kudula foni. Basi nkhani yathera pompo. Koma ikamakanabe, mwina ndidzatopa, ndidzagwira njakata, n'kukuitanani kuti mudzandithandize.

Ndinawafunsa kuti bwanji osakuitanani okha, foni ili m'thumba mwawo. Anati pakamwa pamene panakuthamangitsani sipangathe kukuitanani. Akuti anaganiza kuti akachita chimene munkanena chija, mudzamva nokha.

Achimwene, ndikuuzeni zoona, zinandipweteka. Ine ndi amene ndinatsala. Ine ndi amene ndinagona pa benchi kuchipatala, ndimawameta ndevu, ndimawadulira nyama m'mbale. Ndaika injini yonse m'galimoto imene amakaniko ambiri amaithawa, koma munthu amene akumufuna pambali pa galimotoyo ndi uja anachoka. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa galaja, ndinalira mpaka mamina. Ndinakukwiyirani inu, ndinawakwiyira iwo, ndipo mkwiyowo sunatheretu.

Amayi anandipeza komweko. Ndinawafunsa kuti kodi bambo sipanala ankaitenga kuti, poti bokosi ndimakiya. Anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza mpango wawo. Kenako anavomera kuti ndi iwo ankawabisira m'bulangete popita ndi tiyi. Akuti nawonso akufuna kuona mwana wawo akudya patebulo pawo, ndipo njira ina sankaiona. Tangoganizani, anthu awiri amene akangana za galimoto imeneyi chikwatiranireni, lero agwirizana pa galimoto yomweyo, wopusitsidwa n'kukhala ine.

Tsopano ndili kakasi. Ndikapitiriza kumanga, bambo azidzuka kukamasula, ndipo tsiku lina ndidzawapeza ali pansi pa simenti. Ndikailiza mwamakani, ndawalanda chingwe chokhacho chimene akuganiza kuti angakukokereni nacho. Ndiye ndasiya. Lamba ndinagula, ali m'pepala lake pa mpando wakutsogolo. Bokosi la masipanala ndakiya, amayi ndawasecha. Bambo amapitabe ku galaja m'mawa uliwonse, koma mpando anautembenuza, tsopano umayang'ana kugeti.

Dzulo anandifunsa ngati ndakulemberani. Anati ndilembe kuti ndalephera, injini yandikanika, mubwere mudzaione. Ndinawayankha kuti bodza limenelo sindilemba, ndipo mwaona nokha kuti sindinalembe. Galimotoyo ndikhoza kuiliza ndisanamalize kumwa tiyi. Ndafuna kuti inu mudziwe zimenezo, ngakhale mukhale inu nokha padziko lonse.

Koma bwerani, achimwene. Ndikudziwa kuti mawu aja anakulasani, ndipo sindikuti anali abwino. Sindikulonjezanso kuti adzakupepesani, mukuwadziwa bambo anu. Mwina adzangokufunsani kuti mwachedwa kuti, n'kukulozerani boneti ndi ndodo. Kupepesa kwawo ndi injini yakale ija ili pansi pa chiguduli. Kuposa pamenepo sangathe, ndipo nthawi yodikira kuti aphunzire palibe. Chibale ndi fupa, sichiola, koma munthu amaola. Pemphani masiku kuntchito, musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Ine sindikutha kugona, galimoto iliyonse ikaima pamsewu amayi amathamangira pawindo.

Mukafika musawauze kuti ndakuululirani. Mudzanene kuti mlongo wanu anakuitanani chifukwa ntchito yamukulira. Ndidzamasula ndekha mawaya awiri kapena atatu kuti mudzapeze chogwira, ndipo mukadzawapeza mudzandinyoze monga munkachitira kale, kuti manja anga ndi a phala. Ndidzaweramitsa mutu pamaso pa bambo n'kuvomera kuti ndinalephera. Manyazi amenewo ndisenza, bola inu mulowe pageti paja iwo akadatha kudzutsa mutu n'kukuonani.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikubwerekani masiku ochepa chabe, ndidzakubwezani. Ana muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Amayi akuti moni wambiri, ndipo akuti musabwere ndi kanthu, mungobwera. Mulungu akusungeni, akufewetseni mtima, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Kasipanala