Mkazi wanga akufuna mafelemu akuda, achemwali agula penti woyera

Aphungu,

Ndiyambe ndi nkhani yabwino, poti ndikudziwa kuti ambiri amakulemberani misozi ili chuchuchu. Ife tamanga nyumba. Yathuyathu, Aphungu: zipinda zogona zitatu, balaza, khitchini ndi kachipinda koti mkazi wanga azisokeramo, pakuti iye ndi telala. Ine ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo. Chikwatirane takhala tikuzungulira m'nyumba za lendi ngati nkhuku yosowa poikira, ndipo ana athu akulira m'makoma oti ukangokhomapo msomali, eni ake afika kale pakhomo. Tsiku limene amisiri anathira simenti pakhonde, mkazi wanga anavina mpaka kupondapo asanaume. Chidendene chake chikuonekabe pamenepo, ndipo womanga ndamuletsa kufafaniza.

Kwatsala kupenta basi, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo.

Kuti mumvetse, mkazi wangayu ndi munthu wa "chilichonse". Ukamufunsa kuti tigule mipando yanji, amati, "Iliyonse, bambo." Mwana tikamulembetse sukulu iti? "Imene mwaiona inu." Si kuti ndimamuopseza ayi, anangokula choncho, kuti kufuna kanthu n'kuvutitsa anthu. Pomanga ponsepa, khitchini inakhala pamene ndinaloza ine, chitseko chinayang'ana kumene ndinanena ine.

Ndiye Loweruka lina tinaima pabalaza ndi wopenta, iye akufunsa mitundu. Makoma tinagwirizana kirimu, siling'i yoyera. Kenaka anati, "Nanga mafelemu a mawindo? Oyera ngati mwa masiku onse, eti bwana?" Ine ndinali nditayamba kale kugwedeza mutu pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Ayi. Ine ndikufuna akuda."

Tonse awiri tinatembenuka ngati kwalowa mlendo. Wopenta anati, "Mukunena kunja, mayi?" Iye anati, "M'kati momwe. Akuda, pamodzi ndi zitsulo zotchingira akubazo."

Aphungu, ndinaseka mpaka kukhala pansi, osati momunyoza, koma chifukwa cha kukondwa. Mawu oti "ndikufuna" ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakamwa pameneja, kupatula tsiku la ukwati. Pobwerera anandiuza kuti kalekale anapita kukayeza mkwatibwi kunyumba ina, n'kuona mawindo otero. Anati, "Ndinkayeza mwana wa eni ake m'chiuno maso ali pazenera, mpaka ndinachita kubwereza kuyeza. Ndinati mumtima, ndikadzakhala ndi yanga." Anazisunga zaka zonsezi osauza munthu.

Wopenta anangoti, "M'nyumba mudzada ngati m'phanga, koma ine ndimapenta zimene ndatumidwa." Choncho tinagula kachitini kakang'ono n'kuyesa zenera limodzi la m'chipinda chosokera. Litauma tinapita banja lonse kukaona. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Zitsulo zija, zimene poyamba zinkachititsa chipinda kuoneka ngati cha apolisi, zinangokhala ngati zabisala. Ukaima pakati, maso amangodutsa n'kukagwera pa mtengo wa mapeyala uli panja. Mwana wathu wamkazi anajambula ndi foni mpaka batire kutha. Mayi ake anakhala pa njerwa, manja pachifuwa, akungomwetulira ngati munthu woti wapambana mayeso.

Tsopano alowe achemwali anga aakulu. Amenewa ndiwo anandilera amayi atatisiya ndili wamng'ono. Ana anga amawatcha a Kapitawo, chifukwa nthawi yonse yomanga, ine ndikakhala pa ulendo ndiwo ankaima padzuwa kuyang'anira amisiri, kuwaphikira, ndi kuwakalipira akayamba kugona pamthunzi. Popanda iwo nyumbayi bwenzi ikadali pa maziko. Tsiku lotsatira anatulukira atanyamulitsa zitini ziwiri zikuluzikulu za penti woyera, nkhope ili ngwee. Anati, "Mphatso yanga ya mawindo ndi imeneyi. Nyumba yatsopano izichita kuti mbee, munthu akalowa azidziwa kuti muno muli mkazi waukhondo."

Akuyendera zipinda, anafika pa zenera lija. Anaima. Anandiitana ndi dzina laubwana n'kunena kuti, "Iwe, wamwalira ndani muno? Ukufuna anthu azilowa atavula zipewa?" Kenaka anacheukira mkazi wanga: "Kapena ndi nzeru zanu, alamu?" Mkazi wanga anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Ayi alamu, timangoyesa. Penti aliyense ndi wabwino."

Mawu amenewo anandilasa, koma sindinamuikire kumbuyo. Achemwali anapita akuimba, ataika zitini zawo pakati pa balaza.

Wopenta akubwera sabata yamawa. Mkazi wanga akuti tingopenta woyera, mtendere ndi wofunika kuposa mawindo. Akunena akuseka. Koma tikapita kukasesa kunyumbako, ndimamupeza ataima m'chipinda chosokera, tsache lili m'manja, osasesa.

Ndithandizeni pawiri, Aphungu. Kodi n'zoona kuti mafelemu akuda adzadetsa nyumba, tidzanong'oneza bondo? Nanga munthu amene anakulera, wabwera ndi mphatso m'manja ndi chimwemwe chonse, umamuuza bwanji kuti ayi?

Ine wokondwa koma wothedwa nzeru,
D.K.M.,
ku nyumba yonunkhira simenti


Bambo D.K.M.,

Choyamba landirani mkono. Mwamanga! Kalata yanu ndaiwerenga ndikumwetulira, chifukwa vuto la munthu amene akulimbana ndi mtundu wa mawindo ake ndi vuto lokoma. Ambiri akulilakalaka.

Ndikuyankheni mosazungulira: pentani akuda.

Wopenta wanu si wabodza, koma wasokoneza zinthu ziwiri. Chimene chimawalitsa chipinda ndi kukula kwa galasi, makoma ndi siling'i. Inu makoma mwasankha kirimu, siling'i yoyera, ndiye kuwala kudzakhala kokwanira. Felemu ndi kamzere chabe. Ndipo zimene munaona pa zitsulo zija si matsenga. Chitsulo choyera chimakoka diso, chakuda chimalilola lidutse. Umboni muli nawo kale m'nyumba mwanu, wa maso anu omwe, ndiye musafunsenso anthu a pamsewu.

Komabe muchite mwadongosolo. Mutengane ndi mayi kusitolo akasankhe okha kuda kwake, chifukwa kuda kuli mitundu. Pali wakuda bii, pali wotuwirako ngati makala ozima, palinso wopita ku bulawuni. Wotuwirakoyo amakhululuka fumbi kuposa wakuda bii. Pewani penti wonyezimira kwambiri, chifukwa amaulula paliponse pamene wowotcherera ananjenjemera dzanja. Ngati mafelemu ndi achitsulo, wopenta ayambe wapala dzimbiri ndi sandipepa, apake penti woteteza dzimbiri, kenaka wakudayo mopyapyala kawiri, osati kamodzi mochindikala. Phala lomatira magalasi liyambe lauma. M'mbali mwa galasi ndi mwa khoma amatemo tepi, poti dontho lakuda pa khoma la kirimu limaoneka munthu ali pa geti. Zenera loyesera lija mukalione m'mawa, masana ndi madzulo musanagule zitini zazikulu. Mudziwenso kuti kudzachoka pa wakuda kubwerera ku woyera ndi ntchito yotopetsa, ndiye musankhe mtima uli m'malo. Akamaliza, tsegulani mawindo masiku angapo musanalowetse ana, ndipo kansalu konyowa kopukutira fumbi kadzakhale pafupi. Kansaluko sikasankha dzanja, bambo, nanunso kamakukwanani.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mkazi amene wakhala zaka zonsezi akuti "chilichonse" watsegula pakamwa kamodzi. Mukalola kuti mawu amenewo akwiriridwe ndi penti woyera, sadzatsegulanso, ndipo inu mudzakhala m'nyumba yokongola ndi munthu amene akudziona ngati wa lendi. Akuti mtendere ndi wofunika kuposa mawindo, ndipo akunena zoona. Koma mtendere umene amaulipira munthu mmodzi yekha nthawi zonse suchedwa kusasa. Muuzeni lero, osadikira kuti apemphenso: "Mayi, mawindo akhala akuda, za achemwali zisiyireni ine."

Kwa a Kapitawo mupite nokha, kunyumba kwawo, musanayambe kupenta. Asadzachite kuona zitatha kale, chifukwa chimapweteka munthu wamkulu ndi kudzidzimutsidwa. Ndipo mlandu musaukankhire kwa mayi. Mawu oti "alamu anuwa ndi amene akufuna" asatuluke pakamwa panu, mungayatse moto pakati pa anthu awiri amene amakondana. Nenani kuti, "Achemwali, ine ndi mkazi wanga tagwirizana kuti mafelemu akhale akuda." Yambani ndi kuthokoza, ndipo muthokoze motchula: dzuwa limene anapsa nalo, miphika imene anaphika, amisiri amene anawadzutsa pamthunzi. Mwina simunawauzepo zimenezi maso ndi maso. Ine ndikuona kuti zitini ziwirizo ndi njira yawo yonenera kuti, "Nanenso dzanja langa lioneke m'nyumbamu."

Ndiye lionekedi. Akulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Pentiyo musabweze. Penti wa mafelemu amagwiranso pa zitseko, ndipo zitseko zoyera pambali pa mawindo akuda zimakhala bwino zedi. Ngati mayi avomera, ndipo muwafunsedi, chipinda cha alendo chimene achemwali azidzagonamo chikhale ndi zenera loyera, mbee, monga akufunira. Auzeni kuti, "Chipinda ichi ndi chanu, mtundu wake mwasankha ndinu." Za maliro zija musakangane nazo. Achemwali omwewo sangalephere kukhala ndi nsapato zakuda zimene amavala pa ukwati. Mungathe kuwakumbutsa moseka, ngati mukuona kuti tsikulo adzuka bwino.

Mwina adzanyanyala sabata imodzi kapena ziwiri. Asiyeni, chibale n'fupa sichiola. Munthu amene anaima padzuwa kuti mchimwene wake amene anamulera akhale ndi denga sangalephere kulowa pakhomo chifukwa cha mtundu wa chitsulo. Tsiku lolowa m'nyumba, apatseni makiyi atsegule ndiwo, ana akuombera m'manja.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo likupita kwa inu. Nyumba ikadzatha alendo adzabwera, adzaima pabalaza kukamwa kuli yasa, n'kufunsa kuti, "Koma mawindowa! Anaganiza zimenezi ndani?" Pamenepo amuna ambiri chifuwa chimakula chokha, n'kuyamba kuti, "Aa, ndinangoona kuti tisinthe pang'ono." Inu musatero. Lozani kuchipinda kumene kukulira makina osokera, munene mokweza kuti mayi amve ali komweko: "Funsani eni nyumba."

Aphungu