Mwagona Kuti?

14 Novembala 2023
Msonkhano ku boma, Dedza. Mphepo yake! Ine ndi kashati ka ku Mtakataka. Mapu anga pakhoma: midzi yakumtunda yofiira psuu ndi malungo, kudambo la mpunga koyera mbee. Manambala onse ndi a m'kaundula wa chipatala chathu, sindinapeke ngakhale imodzi. Abwana akuti, "Umboni ndi umenewu, osati zongomva." Agwirizana: kuyambira Januwale galimoto ya sikelo, yoyenda Lachiwiri lililonse, isiye kudambo, izipita kumtunda. M'manja. Ine mutu ngati dzungu.

15 Novembala
A Feston, mlangizi wa zaumoyo wa kudambo, andipeza ndikupopa njinga. "Aphunzitsi a manambala, kodi udzudzu wanu umakwera phiri?" Ndaseka. Koma ndikudziwa. Nyengo ya mpunga anthu akumtunda amatsika, miyezi itatu akugona m'misasa kudambo. Tikafunsa "Mudzi?" amatchula kwawo, kumene kuli manda a makolo. Ndani angatchule msasa? Amadwalira kudambo, cholembera changa n'kuwakweza phiri. Ndinazikumbukira dzulo lomwe, anthu ali mkati moomba m'manja. Ndinangopinda mapu anga n'kubwerera.

9 Januwale 2024
Galimoto yapita kumtunda. Yapeza ana asanu ndi nkhalamba zodandaula msana. Dalaivala Fabiano akuti mthunzi wa mango wakumeneko ndi wabwino pogona. Ndayamba kalata yopita kwa abwana. Mizere iwiri, ndaiponya m'dilowa. Zaka zitatu za ku koleji, kulemba "ndinalakwitsa" sanatiphunzitse.

2 Febuluwale
Mayi wina, Edina, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo mwana, Mary, zaka ziwiri. Thupi moto masiku anayi. Lachiwiri anadikira galimoto pamalo pake pa chaka chatha, mpaka dzuwa kupendeka. Palibe anamuuza. Lero akabaza akana matope, wayenda maola atatu. Mwana wafika akukomoka, zikhatho zoyera. Ambulansi, ku Mua.
Pokwera Edina wandiyang'ana: "Zikomo adokotala." Ine wamakaundula.
Mudzi wake ndalemba monga wanenera. Kumtunda. Kadontho kena kofiira kokometsera mapu anga.

3 Febuluwale
A Feston angondipatsa moni n'kudutsa. Bola akanandinyoza.

6 Febuluwale
Mary amuika magazi, wayamba kumwa phala. Uthenga wabwera ndi a Feston, osandiyang'ana kumaso.
Ndatenga rula, ndajambula mzere watsopano m'kaundula: "Mwagona kuti?" Agogo ena akuti funso lotere amafunsa ndi apolisi kapena mkazi wansanje. Ayankhabe. Lero lokha odwala malungo 31, ogona kudambo 24.
Ndipo lero ndi Lachiwiri. Galimoto yapitanso kukagona pansi pa mango.
Kalata ija ndaimaliza, dzina langa pansi, zilembo zazikulu. Mawa minibasi yoyamba ya ku Dedza. Juzi ndabwereka kwa a Feston. Akuti ndisaibweze galimoto isanabwerere kudambo.