Envelopu ya Nenita Ndabwera Nayo

Kanazawa, 21 Okutobala

9 Okutobala: ndalama zatsopano zimene ndinakatenga kubanki, mayeni 50,000
10 Okutobala: kukwera sitima ya pamadzi ku Yokohama, chipinda 8114, masiku ogona 9
Ndalama yothokozera antchito imene sitima imadula yokha: madola 16 pa munthu pa tsiku, anthu 2, masiku 9, zonse madola 288, kapena mayeni 43,200
11 Okutobala: ndinaichotsetsa, madola 288
16 Okutobala: malikisi amene ndinalemba pa fomu, 7 pa 10
18 Okutobala: ndinaibwezeretsa, madola 288
19 Okutobala: kutsika sitima

Okondedwa achemwali anga a Tokiko,

Musandiseke kuti ndayambanso ndi manambala. Munthu amene waphunzitsa masamu zaka 36 mutu wake suyenda asanaike zinthu pamzere. Ndikhulupirira kuti ku Kushiro kuzizira sikunafike poipa, ndiponso kuti bondo lija likukulolani kukwera masitepe. Ife tinafika bwino Loweruka. Makeke a chinanazi amene ndinagula ku Keelung ndakutumizirani padera, mabokosi awiri, lina lanu, lina la mwana wanu Michiru. Ndikanakuimbirani foni, koma inu pafoni simumva, ndipo ndikayamba kukuwa alamu anu amva zonse ali kuchipinda. Zimene ndikulembazi sayenera kuzimva.

Mukudziwa kuti ulendowu anatilipirira ndi mwana wathu Noboru, pokumbukira zaka 50 za ukwati wathu. Chimene Noboru sadziwa, chimenenso inu ndakhala ndikukubisirani, ndi ichi: chidwalireni sitiroko mu Febuluwale muja, alamu anu amanyowetsa pogona. Kunyumba zimachitika katatu kapena kanayi pa sabata. Matewera a akuluakulu amakana ngakhale kuwayang'ana. Munthu amene anayang'anira siteshoni ya njanji zaka 22 kolala ya malaya ili chilili, mukuwadziwa. Tsiku loyamba lenilenilo anandigwira dzanja nati, "Amake Noboru, mwana uja akangomva, timapepala ta nyumba zosungirako okalamba tija abwera nato mawa lomwe. Lonjeza kuti sumuuza munthu." Ndinalonjeza.

Pulasitiki imene ndimayala pansi pa nsalu ya pabedi ndinaiiwala patebulo kunyumba, ine amene ndinawerenga masokosi kawiri. M'mawa wa pa 11 tinadzuka bedi lili nyowe. Ndinali mkati mosolola nsalu, alamu anu atakhala pampando kuyang'ana pawindo, chipewa chili kumutu ngati akudikira basi, pamene wina anagogoda. Anali Nenita, mayi wosamalira zipinda za mbali yathu, wa ku Philippines, wa zaka ngati 45. Wagwira pa sitimayo zaka zisanu ndi ziwiri ndipo Chijapanizi amachithyola koma chimamveka. Anayang'ana bedi, anayang'ana alamu anu, kenaka anapukusa mutu.

"Aa, agogo, nyanja yalowera pawindo eti? Sitima iyi njokalamba, imadontha."

Alamu anu osatembenuka anati, "Pa nsanjika yachisanu ndi chitatu?"

"Mafunde a kuno ngatali, agogo. Inu mumadziwa za njanji, za madzi mundisiyire ine."

Achemwali, anaseka. Chiyambire Febuluwale ndinali ndisanamve mawu amenewo. Nenita anabwera ndi pulasitiki yake, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayamba ndi chipinda chathu, 9 koloko yeniyeni, nsalu zoyera atazibisa pansi pa matawulo. Akalowa ankafunsa kuti, "Agogo, lero nyanja ili bwanji?" Iwo ankayankha kuti yabata, kapena kuti, "Yawinduka, mwanawe." Pa masiku asanu ndi awiri inawinduka kasanu ndi kamodzi. Nkhope yake sinasinthe ngakhale tsiku limodzi.

Masana a tsiku lomwelo la 11 ndinawerenga pepala la malipiro ndipo ndinaona madola 16 aja. Mukukumbukira mmene amayi ankachitira tikapita kogona alendo ku akasupe otentha: ndalama zatsopano, m'kaenvelopu, kupereka ndi manja awiri. Makina akadula okha pa khadi la kubanki, kumeneko ndi kukhoma msonkho, si kuthokoza. Ndinamvanso kuti ndalamayo amagawana anthu mazanamazana, ndipo nditawerengera ndinapeza kuti ya Nenita singakwane n'kugula mbale imodzi ya chakudya. Ndinaganiza zoichotsa kuti tsiku lomaliza ndidzampatse m'manja mwake. Mayeni 43,200 ndinafuna kuwafupikitsa kukhala 40,000, koma 4 kwathu kuno ndi nambala ya imfa, siingalowe mu envelopu, choncho ndinaikamo 50,000 onse.

Pakauntala ya alendo panali mayi wina wachilendo amene Chijapanizi chake n'cha m'mabuku, choyera bwino.

"Tichotse yonse, amayi? Chifukwa chake n'chiyani?"

Ndikanati bwanji? Ndiime pamzere, kumbuyo kwanga kuli anthu, ndilengeze kuti ndikukonzera wina mphatso? Ndinachita monga timachitira tonsefe. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Aa, zimenezo, pang'ono chabe..." n'kusiyira pomwepo. Munthu wa kwathu kuno akanamva kuti ndikupempha asafunse zambiri.

"N'zokhudza wosamalira chipinda chanu?"

"Eya, iyeyo," ndinatero, mtima uli m'malo kuti wandimvetsa. Analemba pa kompyuta, n'kundithokoza chifukwa chowadziwitsa.

Pa 16 anatiikira fomu pansi pa chitseko, yoti tipereke malikisi kwa otitumikira. Ine fomu za kuchipatala ndi za ku positi ndikakhutira ndimalemba 5, chifukwa 5 ndiye pakati, ntchito yagwirika monga iyenera. Kwa Nenita ndinalemba 7. Ndinakhala kanthawi cholembera chili m'manja, kuganiza ngati sindinawonjeze. Pamalo olemba ndemanga ndinasiya popanda kanthu, poti chimene ndikanamutamandira sichikanalembeka.

M'mawa wa pa 18 anagogoda bambo wina wosamudziwa. Nyanja inali itawinduka. Alamu anu atamva mawu achimuna anakadzitsekera kubafa. Ndinauza bamboyo pakhomo kuti lero asavutike, ndipo nditafunsa za Nenita anati amusamutsira kochapira zovala, kunsi kwa sitima kumene alendo saloledwa. Nsalu ndinachapa ndekha m'sinki, n'kuiumitsa ndi choumitsira tsitsi mphindi 50.

Pa nkhomaliro ndinafotokozera mayi Hatanaka a ku Osaka, amene tinkadya nawo tebulo limodzi. Iwowa maulendo a pamadzi ayenda khumi ndi limodzi, ndipo polankhula sachepetsa mawu.

"Mwachotsa? Yonse? Nanga pa fomu munalemba zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

Anaika timitengo todyera pansi. "Aphunzitsi inu, mwamupha mwana wa eni ake."

"Koma 7 ndi wamkulu."

"Wamkulu m'kalasi mwanu! Muno 10 ndiye zikomo, 9 ndi bolako, 8 kutsika m'munsi ndiye kuti muchotseni. Ine ndimalemba 10 ngakhale kwa wondithira supu pamwendo. Ndiye inu mwachotsa ndalama, mwatchula munthu, mwathirirapo 7. Anakuberani chiyani mayiyo, mano oikirira?"

Anthu a tebulo loyandikana nalo anaseka. Ine chakudya ndinachisiya.

Ndinapita kukauntala, alamu anu atandigwira mkono poti sitima inali kugwedezeka. Madola 288 anawabwezeretsa mosavuta, mphindi ziwiri. Koma mayi wachilendo uja atatembenuza kompyuta anandiwerengera zimene analemba tsiku lija: mlendo sanakhutire ndi wosamalira chipinda. Ndinati si zimene ndinatanthauza. Anati, "Pepani amayi, koma ndinakufunsani, ndipo munavomera." Sananame.

Anaitana mkulu wa osamalira zipinda, bambo waulemu, wa imvi m'mbali. Anati si ine ndekha. Sitima ikadzaza ndi anthu a kwathu kuno malikisi a antchito onse amatsika, ndipo a Nenita anali kale m'malire. Koma pa onsewo ndi ine ndekha amene ndinachotsa ndalama n'kutchula munthu. Kontilakiti ya Nenita itha pa 2 Novembala, ndipo oganiza ngati amuitanenso chaka chamawa ndi a kulikulu la kampani, kunja. Zimene zalowa mu kompyuta iye sangazifufute. Angazifufute ndi a kulikuluwo, akalandira kalata ya Chingerezi yofotokoza mwatsatanetsatane.

Kenaka anatsegula kabuku kake. "Palinso nkhani ina, amayi. Nenita watenga kosungira nsalu khumi ndi ziwiri zoposa mlingo wake, ndi pulasitiki imodzi. Tamufunsa kawiri kumene zinapita, akungoti alibe chonena. Mwina inu mukudziwapo kanthu?"

Masiku asanu ndi limodzi, nsalu ziwiri pa tsiku. Masamu amenewo ndinawamaliza iye asanatseke pakamwa. Ndinamva zala za alamu anu zikulimba pamkono panga. Kumbuyo kwathu kunali anthu anayi pamzere, wachiwiri wake mayi Hatanaka.

Ndinati, "Sindikudziwa."

Ichi ndicho ndimafuna kukuuzani, achemwali. Zinazo ndinalakwitsa posadziwa. Apa ndinkadziwa.

Tsiku lotsika ndinakhazika alamu anu pampando pafupi ndi zikwama, ndipo ndinayenda makonde onse amene alendo amaloledwa, envelopu ili m'manja. Ndinamupeza pa nsanjika yachinayi, akukankha ngolo ya matawulo akuda kulowera pachitseko cha antchito. Yunifolomu yake inali ina, yotuwa. Mkulu uja anali chapafupi, akuwerenga katundu. Ndinawerama n'kutambasula manja onse awiri. Nenita manja ake anawaika kumbuyo.

"Amayi, sindingalandire. Anena kuti ndinakukakamizani."

"Ndi yako, ndinakukonzera kuyambira tsiku lachiwiri. Sanandimvetse, ndinafuna..."

"Pepani ngati ndinakulakwirani. Mukanangondiuza ine, ndikanakonza." Anayang'ana kwa mkuluyo, n'kutsitsa mawu. "Agogo ali bwanji? Pulasitiki ija mupite nayo, ili pansi pa nsalu. Pa basi ndi patali."

Chitseko chinatsekeka. Chili ndi loko wa manambala, ndipo ndinaima pamenepo mpaka wina anandifunsa ngati ndasochera.

Tsopano pempho langa. M'kalata muno ndaikamo masamba atatu amene ndalemba usana wonse wa dzulo. Chonde mumpatse Michiru awamasulire m'Chingerezi, poti kuntchito kwake amalemberana ndi azungu ogula nsomba, ndipo awatumize pa kompyuta ku adiresi imene ndalemba pamwamba. Noboru Chingerezi amachidziwa, koma mukumvetsa chifukwa chake sindingamupatse. M'masambamo ndalemba zonse: tanthauzo la "pang'ono chabe" pakamwa pa munthu wa kwathu, tanthauzo la 7 kwa ine, ndi nsalu khumi ndi ziwiri zija, tsiku ndi tsiku, ndi dzina la alamu anu. Ndinayesa kulemba popanda nsaluzo kanayi konse. Ikangokhala kalata ya gogo wonena kuti mtsikanayo anali wabwino, ndipo nkhani ya nsalu ikanatsala pa dzina lake.

Ndikudziwa kuti Michiru amaimbirana ndi mkazi wa Noboru sabata iliyonse. Mumupemphe asunge pakamwa, koma musamulumbiritse. Ine ndinalumbira, ndipo mwaona mmene ndasungira.

Dzina la bambo ake a Nenita sindilidziwa. Pa kabaji kake panalembedwa Nenita basi, ndipo masiku asanu ndi awiri sindinafunse. Ndalemba nambala ya chipinda ndi masiku, mwina zikwanira. Mayi Hatanaka potsazikana anati makalata otere amayankhidwa ndi makina. Sindidziwa ngati amanena zoona. Sindidziwanso ngati kulikulu kuli munthu amene angawerenge masamba atatu onena za nsalu za pabedi. Ndikanadziwa njira ina ndikanaitsata.

Mundiperekere moni kwa Michiru ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse awiri. Mumuuze Michiru kuti akadzakumana ndi amalume ake pa Chaka Chatsopano adzawapatse moni monga mwa masiku onse, asadzawonjezere ulemu, chifukwa adzazindikira. Inunso bondolo muzilifunditsa.

Alamu anu akupereka moni. Ali pakhonde, akudulira kamtengo kawo ka paini. Za tsiku lija pakauntala sanatchulepo chifikireni, koma dzulo pa chakudya cha m'mawa anandifunsa kuti, "Mwana uja unampatsa envelopu yake?" Ndinati ndinampatsa. Anati, "Anakondwa?" Ndinati anakondwa kwambiri. Anagwedeza mutu n'kupempha tiyi wina. Envelopuyo ili m'kabati, pakati pa malamba a zovala zanga za kimono, kumene iwo satsegula.

Masiku otsala kufika pa 2 Novembala: 12
Kalata ino panjira: 3
Kumasulira kwa Michiru, akachita changu: 2
Otsalira a kulikulu: 7, kuchotsapo Lamlungu ndi Loweruka, 5
Zafika m'manja mwa Nenita kuchokera m'manja mwanga: mayeni 0
Odziwa za alamu anu: tinali 3, mukamaliza kuwerenga, 4, ndi Michiru, 5

Ndine mng'ono wanu,
Kuwabara Fumie