Njanji ya Mkamwini

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.
18 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achemwali a Thandizo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi adzukulu kumeneko ku Mchinji, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, musamve za anthu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza mawu. Ndikangoti "achemwali," inu mwayamba kale kundiuza basi yoti ndikwere ndi poti ndikatsikire. Pepala silidula munthu pakamwa, choncho khalani pansi, tambasulani bondolo, mundimve mpaka kumapeto.

Msonkhano wokambirana zondisudzula unachitika Loweruka la sabata yatha. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno, kuti mkazi akamwalira abale ake amakhala pansi n'kumasula mkamwini kuti atenge zake abwerere kwawo. Chimwalirireni mlamu wanu Nester ndinkadziwa kuti tsikuli lidzafika, ndipo inu mwakhala mukundikonzera chipinda ngati ndine katundu wotumizidwa kale. Yankho langa lakhala limodzi, loti sindingachoke chifukwa cha njanji yanga. Inu mumaseka kuti mdala wa imvi akukanirira zidole. Poti simunaionepo ndi maso, ndiloleni ndikuuzeni kaye chimene mumachitcha chidolecho.

Nditasiya ntchito yokonza njinga pa Namadzi, anzanga anandikokera ku bawo, koma ine bawo limandipatsa tulo. Manja anga anazolowera chitsulo. Ndiye ndinayamba kumanga Luchenza wa ubwana wathu, wa nthawi ija bambo ankasonkhezera moto mu injini ya sitima n'kumabwera kunyumba ali bii, mano okha akuwala. Zitsulo za njanji ndinapanga ndi masipoko a njinga, kuwawongola limodzilimodzi n'kuwalumikiza. Mitanda ya pansi pake ndinasema ku nsungwi. Mukumbukira bambo ankati njanji ya kwathu kuno ndi yopapatiza, ya kwa azungu ndi yotambalala kuposa apa? Zimenezo ndinazisunga. Ndinasema kathabwa koyezera kuti mpata wa pakati usasinthe ngakhale pokhota, chifukwa mukaphonya pang'ono pokha sitima imagwera kumbali. Thupi la injini ndi chitini cha mankhwala opopera udzudzu, mtima wake ndi kamota ka m'wailesi ya kaseti yakufa, ndipo mphamvu imachokera ku batire ya njinga yamoto. Utsi nawo ulipo. Ndimayatsa kachidutswa ka koyilo ya udzudzu n'kukaponya m'chumuni, basi sitima imayenda ikufuka.

Poyamba zonsezi ndinamanga pa matabwa, chiswe n'kudya siteshoni yonse m'dzinja limodzi. Ndinakhala pakhonde nditagwira tsaya ngati wafedwa. Nester anandiyang'ana nati, "Bambo a Albert, mukulirira chiyani ngati mwana? Chipinda cha kumapetocho chilibe ntchito. Thirani simenti pansi, chiswe chione polekera." Ndinamvera. Mapiri a ku Thyolo ndinawaumba ndi zidutswa za njerwa ndi simenti, mtsinje wa Thuchila ndinaukumba pansi penipeni pa chipindacho n'kuikapo mlatho. Mlamu wanuyo ankandinena tsiku ndi tsiku kuti ndakwatira mkazi wachiwiri wa mawilo, koma ndi iye yemweyo amene ananyika utuchi mu penti yobiriwira kuti pakhale minda ya tiyi. Tsiku lina anaima pakhomo, manja m'chiuno, nati, "Luchenza wanuyu mulibe akazi? Nthochi pa siteshoni ankagulitsa ndani?" Mawa lake anaumba ndi dongo timayi tosenza madengu n'kutiika pamene iye anafuna, osandifunsa.

Achemwali, zaka zonse zimene ndakhala pamudzi pano ndasunga mwambo. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo ine sindinabzalepo ngakhale mtengo umodzi wa mango, kuopa kuti angati ndikudzizika pa malo a eni. Koma simenti ya m'chipinda ija sindinaiwerengere n'komwe.

Tsopano za Loweruka. Anabwera a Goliati, achimwene ake a Nester, amene ndiwo mwinimbumba pano. Anabweranso amayi a mbumba yonse, ndi Yamiko, mwana wa mng'ono wake wa Nester, amene ali ndi mwamuna ndi ana koma akupanikizanabe m'nyumba ya mayi ake. Kumbali yathu anabwera asuweni athu a Jonathan kuchokera ku Luchenza, monga ankhoswe. Ndinkadziwa kuti ndaima pa mwendo umodzi. Ine ndi Nester sitinabereke mwana wamkazi woti nyumba n'kutsalira, ndipo Albert wathu ali ku Joni, kumene sakuonetsa zobwerera. Koma ndinali ndi nzeru yanga, ndipo ndinkaidalira kwambiri. Ndinati anthuwa akangoona sitima ikuyenda, palibe amene angakhale ndi mtima wondichotsa.

Asanayale n'komwe mphasa ndinati, "Alamu, nkhani isanayambe, talowani muone kanthu."

Analowa onse, kudzaza chipinda mpaka pakhomo. Ndinayatsa koyilo, ndinalumikiza waya ku batire, sitima n'kunyamuka. Achemwali, tsiku limenelo inayenda ngati ikudziwa kuti pali mlandu. Inatuluka pa siteshoni, inakhota kuseri kwa phiri, inawoloka mlatho utsi uli tolotolo, osagwedera ngakhale pamodzi. Amayi analulutira. A Goliati, munthu wosaseka wamba uja, anagwada pansi n'kumaitsatira ndi chala.

"Aa, alamu, ichi n'chenicheni!" anatero. "Pamlatho apa ndinadutsapo ine, popita kukafuna ntchito ya tiyi. Iii, mpaka amayi a nthochi!"

Mtima wanga unali m'malo. Kenaka anagwira phiri lija n'kuyesa kuligwedeza.

"Nanga chimenechi mumachinyamula bwanji?"

Apa m'pamene mlongo wanu anadzikumbira yekha dzenje. Ndinatukumula chifuwa n'kunena kuti, "Kunyamula? Ichi sichisuntha, alamu, ngakhale mutamangirira ng'ombe ziwiri. Simenti yake inalowa mpaka pansi." Ndipo kuti asakayike, ndinamenya phirilo ndi chidendene. A Jonathan anatsokomola. Ndinacheuka n'kupeza kuti palibenso amene akuseka. Sitima yokha ndiyo inali ikuzungulirabe.

Titakhala pamphasa panja, a Goliati analankhula mofatsa, ndipo ndikuuzani mawu awo mmene anawanenera.

"Alamu a Lackson, ife tinabwera ndi mtima woti mukhale. Mwatisungira mlongo wathu bwino, mwamudwazika mpaka mapeto, palibe amene angakunenereni choipa. Nyumbayi munamangira iyeyo, ndi yake, mudzi wonse ukudziwa. Koma chija taona m'katimo munamangira ndani?"

"Ndinadzimangira ndekha," ndinayankha.

"Eya. Ndiye kuti mwazika chanu m'dothi lathu. Lero tikugwirizana, inu ndi ife. Nanga mawa, inu ndi ine titapita? Abale anu adzabwera kudzati m'nyumba umu muli chuma cha m'bale wathu, onani sichisuntha. Yamiko adzayankha chiyani?"

Mwamva, achemwali? Anthu a kuno akuopa inu, ndi bondo lanulo!

Koma pa nthawiyo sindinaseke. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndinafuna kuwauza kuti simentiyo anandilamula kuthira ndi mlongo wawo yemweyo, koma mwini mawuwo ali kumanda, ndani akanandichitira umboni? Ndipo nditaupeza mtima ndinaona kuti a Goliati sakulankhula mwankhanza. Kuno ku Chiradzulu malo akutha ngati sopo. Mabanja akudana chifukwa cha mzere umodzi wa nandolo. Munthu amene akuyang'anira mbumba sangagone tulo ataona mlendo akumenya chidendene pansi n'kumati ichi sichisuntha.

Chigamulo chawo chinali chotere. Nyumba yaikulu alowemo Yamiko ndi banja lake. Ine, ngati ndifuna, ndikhale m'kanyumba ka kuseri kaja ankagonamo Albert ali mnyamata, ndizidya nawo, ndizilima kadimba, mpaka Mulungu adzandiitane. Koma chozikacho chichoke, ndipo ndichichotse ndi manja anga pamaso pa anthu, kuti pasadzakhale wonena kuti anandiphwanyira. Ndikachikakamira, andisudzule tsiku lomwelo ndizipita kwathu, njanjiyo itsale mmene ilili, koma isakhalenso yanga.

A Jonathan anandinong'oneza kuti, "Asuweni, tiyeni tizipita. Mukaphwanya ntchito ya zaka zonsezi kuti muzigona m'gowelo ngati mnyamata? Achemwali anu akukudikirani, ndipo chinthucho chitsala chamoyo."

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Alamu, Lolemba m'mawa mubwere ndi wilibala."

Lolembalo ndinadzuka dzuwa likutuluka. Ndinayamba ndi zonyamulika. Injini ndi mabogi ndinazikulunga m'chitenje, timayi ta dongo ndinatiika m'beseni la utuchi, masipoko ndinawazula mosamala n'kuwamanga mtolo. Kenaka ndinatenga nyundo yaikulu. Sindikunamizani, pokweza dzanja koyamba linakana kutsika. Ndinaima choncho ngati chitsiru, misozi ikutsikira m'ndevu, ana a Yamiko akundisuzumira pawindo. Koma nditamenya kamodzi, zotsalazo zinali ntchito basi. Ndipo ndikuuzeni, simenti imene ndinasakaniza ine si yamasewera. Phiri lija linanditulutsa thukuta mpaka masana.

A Goliati anafika ndi wilibala monga ndinawauzira. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, mlathowo musaphwanye. Tiyeni tiutokose ndi chitsulo, mwina uchoka wathunthu." Tinagwada awiri, madala a imvi, kutokosa pang'onopang'ono, ndipo unachokadi wathunthu. Zidutswa za phiri anakazithira kubafa kumene kunkachita matope. Choncho masiku ano aliyense wosamba pamudzi pano amaponda pamwamba pa mapiri a ku Thyolo.

Yamiko anabwera madzulo ndi thobwa, maso ali pansi. Anati, "Bambo, mwatikwiyira?" Ndinamuuza kuti mwana sapepesa polowa m'nyumba ya mayi ake, koma achenjere ndi pakona pamene panali mtsinje, chifukwa ndisanatsekepo mwana angathyolepo mwendo.

Musandimvere chisoni, chifukwa ine sindinagonje. A Goliati andipatsa chitseko chakale cha mlombwa, chimene chiswe chimachiopa. Ndachiikira miyendo, ndipo Luchenza watsopano akumangidwa pamenepo, wopepuka, wa mapiri a mapepala ndi phala la chinangwa, woti anthu awiri n'kunyamula. Akhala wamng'ono, koma aposa woyamba, poti zolakwa zonse ndikuzidziwa tsopano. Apa m'pamene ndikupempha thandizo lanu, monga dzina lanu linenera. Inu munali wamkulu, mumakumbukira bwino. Thanki ya madzi ija injini inkamwerapo inali mbali iti ya siteshoni, ya kumsika kapena inayo? Ndipo chithunzi chija cha bambo ataima pa injini, ngati njenjete sizinadye, mupatse mdzukulu achijambule pa foni anditumizire. Chipinda mwandikonzeracho muikemo chimanga.

Ndikudziwa chimene mukunena panopa, kalata ili m'manja. Mukuti, "Uyu ankati sangabwere chifukwa cha njanji. Njanji waphwanya yekha, nanga akutsaliranji?" Mwandigwira, achemwali. Inenso ndinkakhulupirira ndithu kuti ndi njanji, mpaka pamene a Jonathan anati tizipita, chinthucho chitsala chamoyo. Pamenepo ndinaona kuti sitima ndingaimange paliponse, ngakhale ku Mchinji. Koma kuchokera pakhomo la kanyumba kanga ndimaona mitengo ya kumanda kumene tinamugoneka Nester. Ndikapita kuchigayo ndimadutsa pomwepo, ndipo ndimamuuza za tsikulo, iye osandidula mawu, zimene moyo wake wonse sanachitepo. Ndimamusowa, achemwali, ndimamusowa koopsa. Anandisunga pamudzi pa eni zaka zonsezi osandichititsa manyazi ngakhale tsiku limodzi, ndiye ine ndingakwere basi n'kumusiya?

Mupereke moni kwa ana ndi adzukulu onse. A Jonathan anabwerera bwino, ngakhale anapita akupukusa mutu. A Goliati akuti moni, ndipo akuti musaope, mukadzabwera adzakuphererani nkhuku. Yamiko ndi ana ake akuti moni. Pamzere uno m'pamene nthawi zonse ndinkalemba kuti mlamu wanu akupereka moni, iye ataima kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti ndalembadi. Lero kumbuyo kwanga kulibe munthu, koma ndikudziwa akanandikalipira ndikanadumpha. Choncho landirani, mlamu wanu akupereka moni.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Lackson Namakhwa