Chipewa Chanu Chikadali kwa Bambo

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndikunamizani.

Gulu la asilikali a mahelikopita lija alitseka sabata yatha. Paja Bambo ankakonda kutisimbira kuti poyamba umakaniko wawo, gululi linali ndi mahelikopita atatu ndi shedi yodontha basi. Omwewo ndiwo ankatola anthu pamadenga madzi akasefukira, n'kumanyamulanso asilikali ovulala kumalire. Ina inawomba phiri kuli nkhungu, ina anaiphwasula pang'onopang'ono kuti zitsulo zake zichiritse inzake. Inatsala ndi Tombolombo, ija munkaulutsa inu musanavule yunifolomu n'kupita kunja.

Chiyambire kuiwalaiwala kwawoku, chinkawadzutsa Bambo pabedi ndi kulira kwa Tombolombo. Ikamadutsa, mawindo akunjenjemera, ankadzikokera pakhonde chipewa chanu chili m'manja, n'kumati, "Tamverani, injiniyo anaimanga bwino." Dzina langa ankaliiwala, koma injini ayi. Nsanje inkandipweteka, ndisabise.

Lamulo la gululi mukulidziwa kuposa ine. Woyendetsa akamakwera amasiyira makaniko wake chipewa, akatera amadzachitenga yekha. Sichitumizidwa. Inu tsiku lochoka lija munawasiyira Bambo chanu pageti, kapena mwanthabwala chabe, koma iwo sanaseke.

Potsekera gululi anatiitana, ndipo ndinawakankha pa njinga yawo ya odwala. Tombolombo sinauluke. Anaichotsa mapiko n'kuikweza pa lole ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Kenaka oyendetsa akale anafola, aliyense kulandira chipewa kwa makaniko wake komaliza. Bambo anangokhala, chanu chili pamiyendo, maso ali kugeti, mpaka anthu anayamba kupinda mipando.

Chibwerere kumeneko sakutulukanso, ndipo chakudya akungochiyang'ana. Dzulo masana anandiitana ndi dzina langa lenileni, ine mpaka kutaya mbale ndi chimwemwe. Ndikulowa anati, "Umutumizire mchimwene wako chipewachi. Manja anga atopa."

Ndinati, "Bambo, paja sichitumizidwa."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Achimwene, ndili ndi mantha. Mankhwala mumatumiza aja timathokoza, koma matendawa si a mankhwala. Chipewacho ine sinditumiza. Ndachibwezera m'manja mwawo ali m'tulo, ndipo atadzuka ndawauza kuti mwanyamuka kale, muli m'njira. Anadya pang'ono. Chonde musandisandutse wabodza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze azakhali awo awasowa. Ndinawafunsa Bambo ngati ndilembe moni wawo, akana. Akuti makaniko sapereka moni ndege ikadali m'mwamba, adzakupatsani okha mukatera.

Ndine mlongo wanu,
amene ndikuyang'ana kugeti limodzi nawo.